Mafuta Amene Ndidagula pa Chitakale

Ulendo umene ndikufotokoza pano udachitika pa tchuthi chachikulu cha chaka changa chachiwiri ku koleji, m'nyengo imene galimoto zoyendapo kale za ku Japan zidayamba kuchuluka m'misewu yathu. Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, adali atangopuma ntchito ku esiteti ina ya tiyi ku Mulanje, kumene adayendetsa thirakitala ndi lole kwa zaka zambiri. Zonse zimene adalandira popuma adaziika pa chinthu chimodzi: galimoto yoyera, yoti azinyamulira anthu pakati pa Phalombe Boma, Migowi ndi Chitakale. Galimotoyo ikadafa, iwo akadatsala ndi khasu lokha.

Adanditenga ine chifukwa cha mapepala a pa chipata cha Mwanza, amene amalembedwa m'Chingerezi. Koma chimene ndinkanyadira masiku amenewo sichidali Chingerezi ayi, chidali Chichewa. Kwathu, m'tsinde mwa phiri la Mulanje mbali ya Phalombe, akuluakulu amalankhula Chilomwe, ndipo kusekondale anzanga a m'chigawo chapakati ankaseka kalankhulidwe kanga. Ndidalimbikira kuwerenga mpaka ndidayamba kuwakonza eni akewo. Ndikamva munthu akuponyamo Chingerezi pamene mawu athu alipo, ndinkamva ngati ndatafuna mchenga.

Tidanyamuka m'mawa pa matola mpaka pa Chitakale, kenaka minibasi mpaka ku Limbe, ina mpaka ku Mwanza. Kumeneko tidadikira masiku awiri chifukwa dalaivala amene ankabweretsa galimotoyo kuchokera ku Durban adachedwa pa mlatho wa ku Tete. Tinkakhala pa khonde la sitolo ina, kudya matanjarini ndi kuyang'ana galimoto iliyonse yoyera yotulukira kumalire. Atsibweni ankaimirira nthawi zonse, kukonza jekete, kenaka n'kukhalanso pansi.

Itafika, adaizungulira katatu osaikhudza. Ine ndidadzaza mapepala mosamala, ndipo madzulo a tsiku lachiwirilo zonse zidatheka. M'mawa mwake dalaivala uja adapereka makiyi, natiitanira kutsogolo kwa galimoto.

"Mdala, galimoto mwagula yabwino," adatero. "Kungoti ikudontha pang'ono apa, pakati pa injini ndi giyabokosi. Muziona pa dibusitiki yachiwiriyi. Ikatsika muzithira ATF. Mwamva? ATF."

Atsibweni adagwedeza mutu. Ine ndidaona kuti munthuyo akungofuna kutionetsa kuti wayenda maiko, ndipo zilembo zitatuzo sindidazipatse ulemu.

Galimotoyo idali ya otomatiki, yosintha yokha magiya, ndipo atsibweni adali asanayendetsepo yotere. Tikuyandikira pa Zalewa, pamene galimoto zimaima kuti apolisi aone mapepala, mwendo wawo wamanzere udapita kukafuna kilatchi monga udazolowera, ndipo udapeza buleki. Mphumi yanga idagunda galasi.

"Anthu amenewa kilatchi anaiika kuti?" adadandaula atsibweni. Zitachitikanso pa Lunzu, adavula nsapato yamanzere, naupinda mwendowo pansi pa mpando. "Ukhale pompo. Wapuma ntchito ngati mwini wake."

Tidadutsa mu Blantyre pang'onopang'ono, oyendetsa minibasi akutiimbira mahutala, ndipo tidatenga msewu wa Midima. Dzuwa lili paliwombo tidaima pa Chitakale. Titatsika tidaona timadontho tofiira pafumbi pansi pa galimoto. Atsibweni adasolola dibusitiki, kachitsulo koyezera mafuta kaja, naipukuta, nailowetsanso, ndipo idatuluka yonyowa kunsonga kokha.

"Mphwanga, kagule ATF uja, mabotolo awiri, uthire. Ine ndikapereke moni kwa mnzanga wa kuesiteti kuseri kwa msikaku."

Ndidalowa m'kasitolo kena kogulitsa zipangizo za galimoto ndi za njinga. Mudali mayi wina akuluka chipewa cha mwana. Apa ndi pamene ndidalakwa. Ndidaima mowongoka n'kunena kuti, "Mayi, ndikupempha mafuta a giyabokosi ya galimoto."

"Oilo wa giyabokosi?"

"Mafuta a giyabokosi," ndidawakonza.

Adandiyang'ana pang'ono, naika zoluka zawo pambali, napita pa mgolo umene udali pakona. Adandithirira m'mabotolo awiri mafuta olemera, amtundu wa uchi, onunkha ngati mazira owola. Ndidaona ndithu kuti si ofiira. Koma ndidadziuza kuti mafuta amafiira akakalamba m'galimoto, monga amadera a mu injini. Ndidabwereka fanelo n'kuyamba kuthira pa kapaipi ka dibusitiki. Ankatsika movutikira kwambiri, ndipo ndidatha nthawi yaitali nditagwira botolo mozondotsa, ndikudzitamanda chifukwa cha kuleza mtima kwanga.

Kuchokera pa Chitakale msewu udali wafumbi. Tisanafike pa Likhubula ndidayamba kumva kaphokoso ngati ka udzudzu pansi pa mapazi athu. Atsibweni adatsitsa wailesi, natchera khutu. Kaphokosoko kadakula. Pa chitunda chilichonse injini inkalira kwambiri koma galimoto inkakwera monyinyirika. Titangolowa m'dera la Phalombe, pafupi ndi kamlatho kena, atsibweni adaponda mafuta, injini idabangula, galimoto idangoyenda mamita ochepa n'kuima. Pansi pake pankatsika mafuta ngati mkodzo wa ng'ombe.

Anthu sadachedwe kusonkhana. Bambo wina wonyamula nkhuni pa njinga adati vuto lotere limatha ndi kukankha.

"Injini ikulira kale, akulu," adatero atsibweni.

"Ikankhidwe basi, giya igwira yokha. Lowani mkati, muponde kilatchi."

"Ilibe kilatchi."

"Ilibe? Ndiye anakuberanitu!"

Tidaikankhabe, amuna asanu ndi mmodzi, mpaka thukuta lidatilowa m'maso, koma giya siidagwire. Pamapeto pake tidagwirizana ndi mwini ngolo wina amene ankachokera kokatula nandolo. Adamasula ngolo yake, namangirira ng'ombe ziwiri kutsogolo kwa galimoto. Umu ndi mmene galimoto ya atsibweni idalowera koyamba pa Phalombe Boma: ikukokedwa ndi ng'ombe, iwo atagwira chiwongolero, nkhope ili gwa, oyendetsa njinga zakabaza akuimba mabelu pambali pathu.

Aliyense amene tidamufunsa adatchula dzina limodzi, a Makawa. Adali bambo wachikulire, wamfupi, amene adagwirapo ntchito m'galaja ina ku Joni, ndipo ndiwo okha pa Boma amene adatsegulapo giyabokosi ya otomatiki. Galaja yawo idali dzenje lalitali lokumbidwa pansi pa mtengo wa mango, ndi kanyumba ka malata kosungiramo masipanala. Adati dzuwa lapita, ntchito iyamba mawa. Tidagona kwa achibale pafupi ndi msika. Kumudzi sitidatumize uthenga.

M'mawa a Makawa adalowa m'dzenje ndi beseni, namasula bawuti lapansi pa giyabokosi. Mafuta atayamba kutsika adaikapo chala, nanunkhiza, natuluka m'dzenjemo mosafulumira.

"Ndani anathira naintini muno?"

"Naintini?" adafunsa atsibweni.

"Oilo wa giya za malole. Wa difu. Ameneyu mu otomatiki ali ngati phala la mgaiwa pa nyali ya parafini. Ndani?"

Ndikadatha kunena kuti mayi wa m'sitolo adandinamiza. Mawuwo adafika pakamwa. Koma mayiyo adandipatsa chimene ndidapempha, ndipo adandifunsanso kuti atsimikize.

"Ndine," ndidatero. "Ndidaitanitsa mafuta a giyabokosi."

"Anakuuzani kuti mugule chiyani?"

"ATF."

"Nanga bwanji simunanene choncho?"

"Ndinkafuna kunena m'Chichewa."

A Makawa adandiyang'ana, nayang'ana atsibweni. "Amaphunzira kuti awa?"

"Ku koleji," adayankha atsibweni, mawu ali pansi.

"Oho. A Koleji."

Kuyambira pamenepo dzina langa lidakhala limenelo, ndipo atsibweni adasiya kundilankhula. Sadandikalipire. Akafuna kanthu ankauza a Makawa kuti, "Muuzeni agwire apo," ine ndili pambali pawo pomwepo. Ndikadakonda akadanditukwana.

A Makawa adafotokoza kuti kutsogolo kwa giyabokosi kuli chitsulo chonga mphika, chotchedwa konveta, ndipo kumbuyo kwa konvetayo kuli pampu. Injini imazunguza konveta, konveta imazunguza pampu, pampu imakankha mafuta, ndipo mafutawo ndiwo amagwiritsa magiya. Pampu ikafooka, injini imalira koma matayala samva kanthu. Kuti aifike pampuyo, giyabokosi yonse inkayenera kutsika.

Ntchitoyo idatenga tsiku lonse. Adamasula shafiti yaitali yopita ku matayala akumbuyo, mapaipi awiri opita ku rediyeta, mawaya ndi sitata. Kenaka adatsegula kachivindikiro kapansi, ndipo atsibweni ankazunguza injini pang'onopang'ono ndi sipanala yaikulu, a Makawa akumasula mabawuti a konveta limodzilimodzi akamaonekera pa kabowoko. Bawuti lililonse ankaliika m'chitini chake. Tidayala matabwa pamwamba pa dzenje, tidaikapo jeke, ndipo giyabokosi itamasuka ku injini tidaitsitsa atatu. Tidaiimika m'tayala lakale, kukamwa kwake kutaloza kumwamba. A Makawa adazula konveta ndi manja awiri, naivundikira pa beseni kuti ikhe.

Pampu idaonekera, yozungulira ngati mbale yaikulu. Mabawuti ake atachoka, ndidatola sikuludiraiva n'kuwapatsira, poganiza kuti aitema m'mphepete.

"Chotsani chimenecho, a Koleji. Mukabenthula mlomo wa giyabokosi mukaugula kuti? Ku Migowi?"

Adapota mabawuti awiri aatali m'mabowo awiri a pampuyo, namangirirapo unyolo wokhala ndi chitsulo cholemera, nayamba kukoka modzidzimutsa, molunjika m'mwamba. Kachinayi pampu idamasuka. Adainyamula ngati khanda, nakaiika pa katoni yoyera, naigawa pakati. M'kati mudali magiya awiri, yaing'ono m'kati mwa yaikulu. Asanawachotse adadontheza utoto pa iliyonse kuti idzabwerere nkhope yomweyo. Adayeza mipata ndi timapeni topyapyala, natembenuza chigoba cha pampuyo.

"Bwerani muone, bwana," adaitana atsibweni. Ine ndidasuzumira kumbuyo kwawo. Pakati pa pampu padali kamphete ka mkuwa kamene adakatcha bushi, pamene pamazungulira khosi la konveta. Kadali katadyeka mbali imodzi mpaka kupyapyala ngati pepala. Sili, mphira yotsekera mafuta, adaichotsa n'kuipinda ndi zala, ndipo idathyoka ngati makaka, chinangwa chouma.

"Ichi si cha dzulo ayi. Chinayamba kudyeka kwawo komweko. Pampu imeneyi ikanakuferani mwezi uno, mwina mutanyamula anthu. Naintini wa a Koleji wangofulumizitsa."

Mpweya umene ndidaugwira kuyambira m'mawa udatuluka wonse. A Makawa adaumva.

"Musapume msanga. Magiya a pampu apulumuka. Koma munaiyendetsa ikuterereka kuchokera pa Likhubula. Ngati makilatchi a m'kati apsa, ndiye kuti yatha, ndipo giyabokosi ina yotere simuipeza kuno."

"Makilatchi?" adadabwa atsibweni. "Si yopanda kilatchi iyi?"

"Alimo ambirimbiri, opyapyala ngati mabisiketi. M'sampu, mosungira mafuta pansimu, mulibe makala, fungo lopsa silikumveka kwenikweni. Koma tidziwa tikamanga."

Pankafunika bushi, sili, gasiketi, mphira yozungulira pampu, fyuluta ndi mafuta oyenera. Zonsezi zidali ku Limbe, ndipo wopita ndidali ine, chifukwa atsibweni adakana kuisiya galimoto. A Makawa adaika zidutswa zakale m'jumbo, nandigwira dzanja.

"Mukafika musayankhule. Moni yekha. Mungotulutsa izi n'kuika pa kauntala." Kenaka adatenga bolopeni, nalemba zilembo zitatu zazikulu pa mkono wanga. "Izi muziwaonetsa. Osamasulira."

Matola a m'mawa adachedwa kudzaza. Tidazungulira msika kanayi, wothandizira akukuwa kuti kwatsala munthu mmodzi. Ndidakhala pa thumba la nandolo la mayi wina wonenepa, amene adayamba kununkhiza mpweya tisanafike patali.

"Achimwene, mwanyamula chiyani m'jumbomo? Nsomba yowola?"

"Zitsulo za galimoto, mayi."

"Si inu munakokedwa ndi ng'ombe dzana?" adafunsa bambo wina kumbuyo. Galimoto yonse idaseka, ndipo nkhaniyo idatifikitsa pa Chitakale. Bambo uja adati galimoto yopanda kilatchi ndi ya anthu olumala. Mayi wa nandolo adati ayi, ndi ya azimayi olemera a ku Blantyre. Podikira minibasi ndidaona kasitolo kaja patsidya pa msewu, mayi uja ali pakhomo ndi zoluka zake. Ndidatembenukira kwina.

Ku Limbe ndidachita monga adandiuzira. Sitolo yoyamba idali ndi sili yokha. Yachiwiri adagwedeza mutu asanaone n'komwe. Yachitatu adandipatsa bushi yooneka yofanana, koma nditaiika pamwamba pa yakale idali yaikulu pang'ono, ndipo ndidaibweza osanena mawu. Yachinayi idali kuseri, m'kanjira kopapatiza. Wogulitsa adatenga bushi yakale, nalowa nayo m'kati, nakhalitsa mpaka ndidayamba kuganiza kuti wandiiwala. Adatuluka ndi kapaketi kokhala ndi zonse. Ndidapinda malaya n'kumuonetsa mkono.

"Simulankhula, achimwene?"

"Ndimalankhula, koma lero andiletsa."

Ndidamupempha atsegule chigubu chilichonse ndione ndi maso anga. Mafutawo adali ofiira, opepuka ngati madzi. Ndidagona kwa mnzanga wa kukoleji ku Bangwe, ndipo pobwerera matola adaphulika tayala pafupi ndi Likhubula. Tidakhala pa mwala maola awiri podikira kuti amate chubu, ine zigubu ndili nazo pakati pa miyendo. Ndidafika pa Boma masana.

Ndidapeza a Makawa atatsuka kale zitsulo zonse ndi parafini. Atsibweni adali atagwada kutsogolo kwa galimoto, akupopa mpweya m'mapaipi a rediyeta ndi pampu ya njinga kuti zotsalira za mafuta anga zituluke. Sadatukule mutu. Pa mbale pambali pawo padali nyemba za kalongonda zimene akazi a a Makawa adabweretsa, ndipo adali asanazikhudze.

A Makawa adagogoda bushi yakale kuti ituluke, nalowetsa yatsopano ndi kathabwa ndi nyundo yaing'ono, mogogoda mozungulira. Sili adaipaka mafuta ofiira aja asanaikhazike. Adabwezera magiya potsata madontho a utoto, nalumikiza zigawo ziwiri za pampu, nazimanga lamba wachitsulo kuti zilingane asanalimbitse mabawuti. Potsiriza adatulutsa kabotolo ka mafuta odzola, napaka pa timphete ta kumbuyo kwa pampu kuti tisasunthe polowetsa.

"Awanso ndi mafuta, a Koleji. Koma musadzathire mu injini."

Pampu idalowa mofewa. Pobwezera konveta adatiuza tikhale chete. Ankaizunguza uku akukankha, khutu lili pafupi. Idamveka kulowa kamodzi, kenaka kawiri. Atsibweni adatambasula dzanja kuti tinyamule.

"Dikirani. Ikalowa kawiri kokha n'kumanga, mwaswa pampu musanalize n'komwe injini." Adazunguzabe mpaka idamveka kachitatu, ndipo konveta idamira m'kati.

Kukweza giyabokosi kudatitengera m'mawa wonse wa tsiku lotsatira. Itamangidwa, a Makawa adathira mafuta, naliza injini kwa kanthawi, nakhetsa onsewo n'kuthira ena, kuti chilichonse chotsalira chichoke. Anthu akabaza adali atasonkhana pansi pa mango. Kenaka a Makawa adauza atsibweni kuti alowe, aponde buleki, aike pa R.

Kwa kamphindi sipadachitike kanthu. Ine ndinkayang'ana tayala lakumbuyo osaphethira. Kenaka galimoto idagwedezeka pang'ono, ngati munthu wodzidzimuka ku tulo, ndipo atsibweni atachotsa phazi idabwerera m'mbuyo yokha. Akabaza adaimba mabelu.

"Musaombe m'manja," adatero a Makawa. "Pa chigwa ngakhale wilibala imayenda. Tiyeni ku Fort Lister."

Msewu umenewo umakwera pakati pa Mulanje ndi Michesi, ndipo ndi wa miyala. Ine ndidakhala kumbuyo. A Makawa adatseka maso, dzanja lili pa giya, akumvetsera. "Wani," adatero. Injini idakweza mawu n'kutsitsa. "Thu." Padapita nthawi. "Firii." Pa chitunda chachikulu adauza atsibweni kuti aponde mpaka pansi. Galimoto idatsitsa yokha giya, nikoka, nikwera osaterereka. Kaphokoso ka udzudzu kadalibe.

Pamwamba tidaima. A Makawa adayala nyuzipepala pansi pa galimoto, ndipo tidadikira injini ikulira. Adaisolola ili youma. Adanunkhiza dibusitiki, naipereka kwa atsibweni kuti nawonso anunkhize.

"Makilatchi ali moyo, bwana. Kanyamuleni anthu."

Ine ndidakhala pansi pa udzu pomwepo.

Titawatula a Makawa pa Boma tidalunjika kumudzi, awiriwiri, osalankhulana. Tidafika dzuwa likupendeka. Amayi adatuluka akuthamanga, chitenje chili m'manja, atamva kale za ng'ombe zija kuchokera kwa anthu obwera kumsika.

"Achimwene, masiku onsewa? Chinachitika n'chiyani? Akuti yafa!"

Ndidaima pafupi ndi chitseko cha galimoto, ndikudikira. Atsibweni adatsika, nafufuza nsapato yawo yamanzere pansi pa mpando, naivala mosafulumira.

"Pampu inali yakutha kale, achemwali. Anatigulitsa ili choncho. Akanapanda mphwangayu kukazungulira Limbe yense kufunafuna zitsulo, bwenzi tikadali pa Boma." Adatembenukira kwa ine, nandiyang'ana m'maso koyamba m'masiku anayi. "Iwe, katunge madzi titsuke galimotoyi. Mawa tilawirira ku Migowi, ndipo ukhala kutsogolo."